Azakhali anga Anamatope ndi mchenga wakuda

Pamaliro a azakhali anga, mkulu wa mpingo amene anawerenga mbiri yawo ananena kuti malemuwa anali mayi wofatsa, wosakonda mikangano. Amayi amene ndinakhala nawo pamphasa anatsinana. Kumbali ya abambo, wina anatsokomola chifuwa chimene analibe. Mkuluyo anali wachilendo kwathu, sindingamunene. Koma azakhali akanakhala kuti akumva, akanadzuka m'bokosimo n'kumufunsa kuti kufatsako anakuyeza ndi chiyani.

N'chifukwa chake ndakhala pansi kulemba izi. Sindikufuna kuti aikidwe kawiri, koyamba m'dothi, kachiwiri m'mawu okoma amene sanali awo.

Dzina lawo linali Rozina, koma mukafika ku Nkhulambe n'kufunsa za a Rozina, anthu akulozerani ena. Munene kuti Anamatope. Anali mchemwali wamkulu wa bambo anga, a Fakisoni. Dzinalo linayamba ngati chipongwe, atangobwerera kumudzi atapuma ntchito ku Zomba. Anthu ankayembekezera kuti mayi wophunzira mpaka kunja amanga nyumba ya mpanda n'kumakhala pakhonde ndi wailesi. M'malo mwake anaona mayi wa imvi, atavala jombo, thalauza ndi chitenje pamwamba, akuyenda m'madambo ndi paipi paphewa, timatumba ta matope tili lendelende panjinga. Ana anayamba kuwakuwiza. Iwo analitola dzinalo n'kulivala, mpaka ankaitanira nalo okha akafika pakhomo la munthu: "Odi kuno! Ndi Anamatope!"

Ntchito yawo moyo wonse inali yoyeza cheza chobisika cha m'dothi ndi m'matope. Ankafotokoza chonchi: m'miyala ina muli tinthu monga yureniyamu ndi thoriyamu, timene timatulutsa mphamvu yosaoneka, yosanunkha, yosamveka pakhungu. Dothi lililonse lili nayo pang'ono, ngakhale nthochi ndi mafupa athuwa. Ikachepa ilibe mlandu. Koma ikachuluka, munthu n'kumagona nayo ndi kuipuma chaka ndi chaka, imawononga thupi m'kati mwakachetechete. Choncho funso la azakhali silinali loti chilipo kapena palibe. Linali loti chilipo chochuluka bwanji, ndipo chili pati. Munthu akabwera ndi nkhani yoti wamva kuti madzi akuti ndi oipa, kapena munda wakuti ndi wotembereredwa, ankamufunsa amene anayeza. Akayankha kuti palibe, ankamuuza kuti ndiye palibenso nkhani, amwe tiyi azipita.

Anali ndi kamakina kam'manja kamene kankalira kuti tche, tche, tche, ndipo kakayandikira pamene cheza chachuluka kankafulumira. Ana ankakatcha nkhululu. Azakhali sankakakhulupirira kwambiri. Ankati ndi galu chabe, amauwa kuti pali kanthu, koma sangakuuze kuti ndi fisi kapena mbuzi. Kuti udziwe chenicheni, dothi uliyanike, ulisinje, ulisefe, ulitsekere m'kabotolo n'kulisiya milungu ingapo, kenako uliike m'makina aakulu okutidwa ndi mtovu, amene amatchula kanthu kalikonse ndi kuchuluka kwake. Makinawo anali ku Zomba, kumene ankagwira ntchito, ndipo amene anatsala kumeneko, ambiri ophunzitsidwa ndi iwo, sankawakaniza. Mwina ankawalemekeza, mwina ankangoopa pakamwa pawo.

Nkhululuyo anatsala pang'ono kuwaphetsa. Chinali chaka chija cha mphekesera ya anamapopa, pamene munthu aliyense wonyamula chikwama chachilendo ankati akupopa anthu magazi. Bambo anga anapita kukawachonderera kuti abise zipangizo zawo mpaka mphepoyo idutse. Azakhali anati amene amabisa ndi wakuba, ndipo tsiku la msika anakweza zonse panjinga ulendo wa ku Chiringa. Ine ndimagulitsa nsalu kumeneko, ndinaziona ndi maso angawa. Anyamata anawazungulira pafupi ndi ogulitsa matemba, ena miyala ili m'manja. Wina anakoka paipi ija, wina n'kukuwa kuti nayu, tamupeza.

Azakhali sanatsike n'komwe mofulumira. Anaimika njinga bwinobwino, n'kumasula thumba limodzi, n'kukhuthulira matope pamapazi pa amene ankatsogolera.

"Ndi magazi a ndani akuda chonchiwa? A amako?"

Mnyamatayo anabwerera m'mbuyo. Iwo anamugwira dzanja n'kumupatsa kamakina kaja.

"Gwira. Kayike pakhosi pako, uone ngati kakupope. Ukuopa chiyani, si ndiwe mwamuna wa miyala?"

Kenako anatembenukira khamulo n'kuyamba kulankhula Chilomwe, chija chakale chimene ambiri a ife timangomva koma sititha kuyankha, kutchula mayi amene anawabala iwo, agogo awo, ndi mudzi umene anachokera kuseri kwa malire. Mayi wina wogulitsa makaka anaseka, n'kuti amenewa ndi ana a uje, asiyeni. Miyala inagwa pansi umodziumodzi. Madzulo ake ndinawafunsa ngati sanachite mantha. Anati mawondo ankagundana, koma chitenje chimabisa zambiri.

Kuuma mutu kumeneku anabadwa nako. Bambo anga amasimba kuti ali mtsikana, akuluakulu a m'banja anagwirizana kuti asiye sukulu akwatiwe ndi mwamuna wina wa ngolo ndi ng'ombe. Iwo anayenda wapansi kubwerera kusukulu ya mishoni, n'kukauza asisitere kuti azichapa ndi kulima m'dimba lawo bola asawabweze. Sanakwatiwe mpaka kalekale. Ankati mwamuna amene akanawalola kuyanika matope pathebulo lodyera sanabadwe, ndipo sanafune kuvutitsa ana a eni.

Atayamba ntchito anatumizidwa kunja kukaphunzira, ndipo pobwera anakwerako sitima ya panyanja yamchere, kugombe la Mozambique, kukatenga matope a pansi penipeni pa nyanja. Mkazi anali yekha. Masiku oyamba anangosanza, ndipo atadzuka anapeza amuna aja atawagawira kale ntchito ya kukhitchini. Anakana. Anati anabwera kudzadula matope, ndipo amene ali ndi njala adziwa pamene pali mphika. Nkhani ya sitimayi ankaikonda chifukwa cha zimene anaona m'matopemo. Ankati matope amagona mosanjikizana, a chaka chino pamwamba pa a chaka chatha, ndipo ukalowetsa paipi n'kuwatulutsa osawasokoneza, umakhala ngati wazula zaka. Pakati pa zakazo pali mzere wa fumbi la mabomba amene mayiko akuluakulu ankayesera kale, limene linauluka ndi mphepo n'kukatera dziko lonse. Ankati n'lochepa, silingadwalitse munthu, koma lilipo, ngakhale pa Chilwa pathupa. Akafika pamenepa mawu ankakwera. Ankati anthu amene anaphulitsa mabombawo sanamvepo za Phalombe, koma anatisiyira zinyalala zawo osapempha, ndiye ife tisamadikire kuti iwo omwewo abwere adzatiuze zimene zili m'dothi lathu.

Ku Chilwa ankapita ndi Che Idirisa, msodzi wachisilamu wa msinkhu wawo, amene ankawapondera bwato m'mabango. Awiriwa ankakangana kuyambira pagombe mpaka kubwerera. Che Idirisa ankati matope ndi matope, a apa ndi a apo n'chimodzimodzi, bwanji osangotapa pafupi. Azakhali ankati nsomba nazonso ndi nsomba, bwanji iwo amasankha poponya khoka. Koma nthawi ya swala ikakwana kuti Che Idirisa apemphere, azakhali ankaika paipi pansi n'kukhala chete mpaka mnzawoyo atamaliza. Ndi mwamuna yekhayo amene ndinawaona akumudikira osang'ung'udza. Chaka chimene nyanja inaphwa, asodzi akulira, iwo anayenda pansi pong'alukapo ndi mabokosi, akuti mwayi wotere sudzabweranso. Che Idirisa anawauza kuti alibe mtima. Iwo anayankha kuti mtima ali nawo, kungoti kulira sikubweza madzi.

Amayi apakati a m'mudzi mwathu ankawathawa, chifukwa akakupeza ukudya dothi la pachulu ankakulanda n'kukaliyeza. Kunena zoona sanapezemo cheza chodetsa nkhawa, ndipo anavomera poyera kuti sanapeze. Koma anapitiriza kulanda, akuti njoka za m'mimba sizifuna makina.

Zonsezi anthu akanaziiwala, kapena kuzisimba moseka. Chimene sadzaiwala ndi cha mchenga wakuda.

Chaka chimene phiri linagumuka, mvula itagwa osalekeza, napolo anatsika ndi miyala ikuluikulu ngati nyumba. Sindifotokoza zambiri. Tinaika anthu ambiri, ndipo ena sitinawapeze mpaka lero. Minda inakwiririka ndi matope ndi mchenga kufika m'chiuno. Otsala tinakaunjikana pasukulu ina imene inasanduka msasa. Nyumba ya azakhali inagwa mbali imodzi. Bambo anga anataya nyumba, nkhokwe, mbuzi ndi munda wonse wa m'mbali mwa mtsinje.

Pamsasapo ndi pamene mphekesera inabadwira. Anthu anakumbukira kuti kale kunkabwera alendo ndi makina kudzafufuza miyala m'mapiri, ndiye wina anati matope amene atsikawa ali ndi poizoni wa m'phiri, ndipo aliyense wodya zolimidwa pamenepo adzatupa n'kufa. Mavenda anaimva msanga nkhaniyi. Amene minda yawo inapulumuka akatenga chinangwa kapena mbatata kupita kumsika, ankauzidwa kuti za ku Nkhulambe n'zapoizoni, azipereke mongotaya kapena abwerere nazo. Komanso pamsasa panali ena amene anaigwira mphekeserayo ndi manja awiri. Wapampando wa komiti ya msasawo, a Mulomba, anali munthu wabwino amene anataya mwana wamkazi m'madzimo. Sankafunanso kugona pansi pa phiri lija, ndipo ankakhulupirira kuti akuluakulu akamva za poizoni atisamutsira kumalo atsopano mwachangu.

Azakhali anali atakalamba, mwendo umodzi ukuwavuta, ndipo njinga yawo inali itapita ndi madzi. Koma kamakina kaja anathawa nako m'chitenje. Anatuluka pamsasa ndi ndodo n'kuyamba kuyenda munda ndi munda, kutapa dothi pamwamba ndi pansi, kulemba dzina la mwini munda pakathumba kalikonse. Amayi ena tinkawathandiza kusenza. Anayanika dothilo pamalata a nyumba yawo yogumukayo, kulisinja, kulisefa, kulitsekera m'timabotolo, kenako n'kukwera nalo kabaza ndi minibasi kupita ku Zomba. Atabwerako anthu anawaunjirira kuti anene. Anati sanganene kanthu chifukwa sakudziwa kanthu, dothi likadali m'mabotolo, ndipo silifulumira chifukwa choti anthu afulumira. Kudikira kumeneko kunawadanitsa ndi ambiri. Ena anati agulidwa. Ena anati akalamba, makina awaiwala.

M'masiku omwewo bambo anga anapeza chowapulumutsa. Pamene panali munda wawo, pokhota mtsinje, madzi anasiyapo mulu waukulu wa mchenga wakuda, wosalala, wolemera, wonyezimira padzuwa. Anthu anali atayamba kumanganso, ndipo amisiri anautamanda kuti umagwira bwino pulasitala. Ngolo zinayamba kubwera. Kwa nthawi yoyamba chigumukire phiri, kwathu kunaphikidwa chakudya chosachokera pamzere wa pamsasa.

Azakhali atapitanso ku Zomba n'kubwera ndi zotsatira, sanapite kumsasa. Anabwera kwathu, pachisakasa chimene bambo anamanga, dzuwa lili pamutu. Ine ndinalipo. Anakhala pa chitsa, n'kukana madzi.

"Achimwene, mchenga wanu uja musiye kugulitsa."

Bambo anaseka. "Achemwali, mwayambanso."

"Sindikuseka. Minda yonse ndayeza ili bwino, anthu alime. Koma pokhota paja madzi anasankha mchenga wolemera n'kuuunjika pamodzi. Ndi wodzaza thoriyamu. Kuponda sikupha. Koma munthu akaumata m'chipinda, n'kutseka zenera, n'kumagona momwemo ndi ana zaka ndi zaka, akupuma zotuluka m'khomamo. Zimenezo sindingazilole."

Bambo anasiya kuseka. Kenako analankhula motsitsa, mwa munthu wopempha.

"Mwaona mmene tilili. Ndilibe khasu, ndilibe mbewu. Ndilekeni mpaka mvula igwe, ndipeze pogwira. Mukatero munene."

"Pofika mvula nyumba zingati zikhala zitamatidwa?"

"Ndiye mukufuna ana angawa adye chiyani? Adye pepala lanulo?"

"Adya kwanga. Chimene ndili nacho tigawana."

"Sindine wopemphetsa ine! Mwakhala moyo wonse osabereka, mudziwa bwanji za kudyetsa ana?"

Mawu amenewo anagwa ngati mwala m'chitsime. Azakhali anaimirira, n'kutsamira ndodo.

"Ndakuuzani inu poyamba chifukwa tinayamwa bere limodzi. Mawa ndikauza onse."

M'mawa mwake pamsasa panasonkhana anthu ambiri. Azakhali anakana mpando. Anayamba ndi minda, kutchula mwini munda aliyense ndi kumuuza kuti dothi lake lilibe choopsa, ndi lofanana ndi la kwina kulikonse m'boma lino, alime, adye, agulitse, ndipo venda wonena za poizoni amutumize kwa iwo. Ndinkaganiza kuti anthu aombera m'manja. Amayi ochepa analulutira, koma ambiri anang'ung'udza. A Mulomba anaimirira, maso ali ofiira.

"Mayi, mukudziwa chimene mwachita? Mwatitsekera khomo. Akuluakulu akamva kuti dothi lili bwino, atiuza kuti tibwerere pansi pa phiri lomwe lija. Inu mukanangokhala chete, chikanakuvutani n'chiyani?"

Azakhali anawayang'ana, ndipo mawu awo anafewa pang'ono, koma sanabwerere.

"A Mulomba, mwana wanu ndinkamudziwa. Ngati mukufuna kuti tisamuke chifukwa phiri likhoza kugumukanso, nenani zomwezo, ndipo ine ndikhala patsogolo, ndi mwendo womwewu. Chimenecho n'choona ndipo n'chokwanira. Koma mukanamizira dothi, amene asamuke ndi ochepa, otsala adzakhala ndi minda imene palibe amene adzagule mbewu zake mpaka adzukulu. Bodza limeneli lidzadya ife tomwe."

Kenako ananena za mchenga wakuda, n'kutchula malo ake, n'kutchulanso kuti mwini wake ndi mchimwene wawo. Anthu onse anatembenukira kwa bambo anga. Bambo ananyamula chipewa n'kuchoka.

Tsiku limenelo azakhali anadana ndi mbali zonse ziwiri. Ofuna poizoni anati awalanda chiyembekezo. Ofuna mchenga anati awalanda nyumba. Panalinso ena anzeru zawo amene ankafunsa kuti zitheka bwanji dothi la phiri limodzi kukhala labwino apa, loipa apo. Iwo ankayankha kuti mpunga ndi mankhusu zimachokera pa phesi limodzi, koma mphepo imazisiyanitsa, ndipo madzi nawo amapeta.

Bambo anga sanasiye kugulitsa. Ngolo zinachepa koma zinkabwerabe, makamaka za kutali kumene nkhaniyo sinafike. Ndiye azakhali anachita chimene mpaka lero anthu amachisimba. Anabwereka mpando wapulasitiki ndi ambulera, n'kukakhala panjira yolowera pamchengapo, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Ngolo iliyonse ikafika ankaiimitsa ndi ndodo. Ankatenga mchenga wa panjira, kamakina n'kumalira mwaulesi. Ankatenga wakuda uja, kamakina n'kulira ngati mvula pamalata. Akatero ankamufunsa woyendetsa ngoloyo kuti m'nyumba imene akumangayo mudzagona ndani. Ambiri ankatembenuza ng'ombe. Ena ankatukwana n'kudutsa, ndipo iwo ankawakuwira kumbuyo kuti ngati ndi choncho amangire mpanda kapena khola lopanda zitseko, osati chipinda chogona.

Bambo ankakhala tsidya lina la muluwo ndi fosholo, mlongo wawo tsidya lino ndi ambulera, osapatsana moni. Ine ndinkapititsa chakudya kwa onse awiri, mbale ziwiri, njira ziwiri. Tsiku lina bambo anandiuza kuti ndikawauze achemwali awo kuti dzuwa liwapha. Azakhali anati ndikawauze kuti dzuwa analiyeza kale, akulidziwa.

Panali nyumba imodzi imene inali itamatidwa kale mkati monse, ya mayi wina wamasiye dzina lake Edina, amene anali ndi ana aang'ono. Azakhali anapita kukamuuza kuti pulasitalayo achotsedwe. Edina analira, n'kuti nyumbayo anamumangira achibale ndi mphamvu zawo zomaliza, sangawauzenso kuti agumule.

"Sindikuti ugumule nyumba, mwanawe. Khungu lokhali. Ubwere ndi ana ukhale kwanga mpaka tithe."

Edina ndi ana anakakhaladi kwa azakhali, m'mbali imene inatsala, ndipo azakhali eni ake anagwira nawo ntchito yopala khomalo, atanyowetsa kaye kuti fumbi lisauluke, nsalu ili kukamwa. Atamaliza anadutsa ndi kamakina m'chipinda chilichonse, Edina ali pambuyo, mpaka onse awiri anakhutira.

Mchengawo unasiya kugulitsidwa osati chifukwa bambo anagonja, koma chifukwa ogula anatha. Pambuyo pake kunabwera anthu a boma ndi zipangizo zawo, n'kuyeza, n'kunena zomwezo, n'kuuza anthu kuti pamalopo pabzalidwe udzu ndi mitengo kuti mchengawo usamauluke. Azakhali sananyadire. Anangoti achedwa. Minda inalimidwa, nandolo anabereka, ndipo mavenda anaiwala za poizoni mitengo ya zokolola itakwera. A Mulomba anasamukadi, kupita kwa abale a akazi awo kumbali ya Chiringa, ndipo sanawalankhulenso azakhali. Bambo anga anayambiranso ndi maganyu, pa msinkhu umene anzawo amakhala pamthunzi. Zinawawa, ndipo sindinama kuti sizinawawe. Mbewu yoyamba imene anabzala inachokera kwa azakhali, kudzera mwa ine, ndipo bambo anailandira atayang'ana kumbali.

Azakhali anayamba kudwala chaka chathachi. Unali mtima, ndi shuga amene anakhala naye kalekale. Koma anthu anayamba kunong'ona kuti ndi matope aja, awadya okha. Nkhaniyi itawafika pamphasa anakwiya kuposa mmene anakwiyira ndi matendawo. Anandiitana n'kundilamula kuti aliyense wobwera kudzazonda ndizimuuza dzina la matenda awo asanakhale pansi, ndipo akadzamwalira ndisadzalole munthu kunamizira ntchito yawo. Ankati akufa ndi ukalamba ndi tiyi wa shuga wambiri, monga Mlomwe wina aliyense.

Bambo anabwera kutatsala pang'ono kuti azakhali atisiye. Anaima pakhomo nthawi yaitali, chipewa chili m'manja. Azakhali anatsegula maso.

"Mwabwera kudzandiuza kuti ndinalakwa?"

"Ayi, achemwali."

"Kudzandiuza kuti ndinakhoza?"

"Ayinso. Ndangobwera kudzakuonani."

"Ndiye khalani pansi. Koma mchenga uja ndi woipabe."

Bambo anaseka, kenako kusekako kunasanduka china, ndipo ine ndinatuluka panja. Anakhala mmenemo mpaka madzulo. Zimene anakambirana sindikuzidziwa, ndipo sindinafunse. Azakhali anamwalira nandolo akuuma m'minda.

Dzulo ndinapita kunyumba kwawo kukatenga mbale za pamaliro zimene zinatsalira. Mbali imene inagwa ija sanaimangenso, ndipo maungu amera okha pamene panali chipinda, akukwera pa njerwa zogumuka. Kuseri kuli thandala lalitali limene anakhoma ndi nsungwi, lofika m'chiuno kuti asamawerame. Nkhuku za oyandikana nawo zayamba kugonapo. Pansi pake pali kamtondo kachitsulo, kodzaza madzi a mvula yoyamba, ndi sefa imene dzimbiri layamba kuidya m'mbali. M'chipinda chimene chinatsala, pashelefu pali timabotolo ta dothi tondandalikidwa bwino, kalikonse ndi dzina la munda wa munthu, ndipo kumapeto kwake kuli ena opanda kanthu, otsukidwa, zotsekera zili pambali.

Ndili mkatimo ndinamva odi. Anali bambo wina wochokera kutsidya kwa mtsinje, atanyamula dothi m'pepala la shuga. Anati akukumba chitsime, apeza dothi lamtundu wachilendo, ndiye amati mayi aja alione asanamwetse ana madziwo. Anali asanamve za maliro. Nditamuuza anavula chipewa, n'kuyang'ana thandala lija, n'kuyang'ana pepala lake.

"Nanga tsopano tizipita nalo kuti?"

Anaima pang'ono, kenako anaika dothilo pathandalapo, nkhuku n'kudumpha, iye n'kubwerera njira imene anadzera.